Kodi mapazi athu angayatse msika? Zokambirana pa gulu la Kasungu Kwathu

Lachiwiri madzulo

Chisomo wa ku Joni, 18:42
Abale anga, mwaswera bwanji kumudziko? Taonani kavidiyo ndaponya pamwambapa. Akuti ku Japan ayala matailosi apadera pa siteshoni ya sitima, munthu akangoponda magetsi n'kumatuluka. Ine ndangoganiza za pa depoti pathu ndi mumsika muja, momwe anthu amapondanirana kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Mapazi onse aja akungopita pachabe. Ndalama tinasonkha ija ikungokhala, bwanji tiyale zimenezi ngakhale pa geti limodzi lokha?

Mayi Nabanda, 18:55
Chisomo mwanawe, ngati zili zoona ine ndikhala woyamba kuvomera. Ife a mzere wa tomato ikangokwana 6 koloko timayamba kulongedza, pamene nthawi imeneyo ndi yomwe anthu akuweruka kuntchito akufuna ndiwo. Ndikati nditsalire pang'ono, ndimaluma foni pakamwa kuti tochi iwunike m'manja powerenga chenji. Mwezi wathawu ndinabweza K2,000 ndikuyesa K200, ndinadzazindikira ndili kunyumba. Phindu la tsiku lonse linathera pomwepo. Kuwala kokha tikufuna ife.

Yamikani wa kabaza, 18:58
Pa depoti ndiye musanene. Mabasi a ku Mzuzu ndi a ku Lilongwe akafikira limodzi pamakhala chipwirikiti, munthu sungaone dothi.

Agogo Kamanga, 19:10
Ine ndisanaombe m'manja ndifunse kaye. Magetsiwo akuchokera kuti? Ku Nkula ndi ku Tedzani tikudziwa kuti ndi madzi a Shire amene amazunguza makina. Nanga apa chikuzungulira n'chiyani? Aphunzitsi a Mwale, mulipo? Tatimasulirani.

Aphunzitsi Mwale, 19:31
Ndilipo agogo, ndimachonga mapepala a Fomu 3. Kavidiyoko ndakaona, ndipo ana asukulu anandionetsanso komweko chaka chatha. Chinthucho chilipodi, si bodza. Dzina lake ndi piezoelectricity, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kufinya. Anachitulukira ndi anyamata awiri apachibale a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, mu 1880. Anapeza kuti miyala ina, monga quartz, ukaifinya mbali zake ziwiri zimakhala ndi voteji. Palibe chozungulira. Mkati mwa mwalamo tizigawo tokhala ndi mphamvu ya pozitivu ndi ya negetivu tinakhala mwa dongosolo loti zonse zimafafanizana, koma ukapanikiza timasuntha pang'ono kwambiri, mbali ina n'kutsala ndi pozitivu wochuluka, ina negetivu. Ukalumikiza waya, magetsi amadutsa kamphindi. Ukachotsa phazi amadutsanso chobwerera. Ukangoima chilili osasuntha, palibe chimatuluka.

Ndipo ambiri a ife tili nacho kale m'nyumba. Laita ija yongodina n'kumva kuti "thwa", yopanda kagudumu, mkati mwake muli kanyundo kamene kamamenya kachidutswa ka piezo, ndiye kamoto kaja n'kulumpha. Wotchi ya pamkono yolembedwa kuti quartz ili ndi kamwala komweko, kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi.

Agogo Kamanga, 19:40
Quartz ameneyu si nsangalabwi zoyera zija? Tili ana ku Chamama tikuweta ng'ombe tinkazikhulanitsa usiku, zimawala mkati ngati muli kamoto, n'kumanunkha ngati chinthu chopserera.

Aphunzitsi Mwale, 19:44
Zambiri mwa nsangalabwi zoyerazo ndi quartz ndithu agogo. Kuwala kumene munkaonako kumabwera mwala ukamakhulika ndi kusweka, ndiye ndi nkhani ina pang'ono, koma mwala wake ndi womwewo. Kungoti opanga zipangizo masiku ano sadalira mwala wa kudambo. Amaumba chinthu chonga dongo lowotcha chotchedwa PZT, chimene chimatulutsa magetsi ochuluka kuposa quartz.

Tadala nesi, 19:49
Ndiwonjezereko kuti makina a sikani amene timaunikira amayi oyembekezera amagwiranso ntchito ndi zomwezo. Kamutu kaja timayendetsa pamimba kali ndi piezo mkati, kamatumiza mawu oti khutu silingamve, kenako n'kumvetsera akamabwerera. Tinaphunzira kusukulu ya unamwino.

Chisomo wa ku Joni, 19:52
Mwaona? Ndiye kuti zimatheka. Admini, tiyeni tifufuze mtengo.

Aphunzitsi Mwale, 20:20
Dikirani kaye achimwene, tiwerengere limodzi, chifukwa vuto lagona pa kuchuluka kwake. Tengani pensulo.

Mphamvu timayeza ndi ma joule. Munthu wolemera makilogalamu 60 akaponda tailosi n'kutsika ndi mamilimita 5, mphamvu imene waika pamenepo ndi 60 kuchulukitsa ndi 10 (mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi) kuchulukitsa ndi 0.005 (mamilimita 5 aja tikawaika mu mamita), yankho ndi ma joule 3. Amenewo ndi onse amene phazi lapereka, tisanachotse otayika m'mawaya ndi m'batire. Simungatulutse oposa amene alowa. Mukafuna ochuluka, tailosi izitsika kwambiri, koma ikatero anthu azipunthwa, ndipo kuyendapo kuzitopetsa ngati kuyenda pa mchenga wa mu Bua chilimwe. Magetsiwo sabwera ulele, akuchokera mu nsima imene munthuyo wadya.

Tsono babu la LED la ma watt 5 limadya ma joule 5 pa sekondi iliyonse. Pa ola limodzi ndi 18,000. Gawani ndi 3, mupeza mapazi 6,000 kuti babu limodzi liyake ola limodzi. Mayi Nabanda akufuna kuwala kuyambira 6 mpaka 10 koloko, ndiye mapazi 24,000 pa babu limodzi lokha. Batire ya foni wamba ya 4,000 mAh imasunga ma joule pafupifupi 54,000, kutanthauza mapazi 18,000. Yuniti imodzi imene timagula ku ESCOM ndi ma joule 3,600,000. Amenewo ndi mapazi 1,200,000.

Ndipo apa ndawerengera mokomera tailosiyo, ngati kuti palibe chotayika.

Mayi Nabanda, 20:26
Mapazi 24,000 babu limodzi? Ife mzere wathu wokha tilipo 14.

Thoko wa ku koleji, 20:41
Moni makolo nonse. Aphunzitsi anena zoona, ndingoonjezera za ku Japan zo. Kampani ya sitima ya JR East inayesadi zimenezi pa Tokyo Station kuyambira 2006, pa tizipata todutsira ndi matikiti, ndipo mu 2008 kampani ina inayalanso kachigawo kena ku Shibuya. Kunali kuyesa chabe, kuti aone ngati zingathandizire tizipatato ndi zikwangwani zowala. Mzinda wa Tokyo sunayatsidwepo ndi mapazi. Mavidiyo akuzungulirawa amatenga nkhani yakaleyo n'kuikuza.

Komanso taganizirani kusiyana kwa unyinji. Siteshoni ya Shinjuku yokha pamadutsa anthu pafupifupi 3 miliyoni pa tsiku. Tauni yathu ya Kasungu pa kalembera wa 2018 inali ndi anthu osakwana 60,000. Tonsefe, makanda ndi agogo omwe, titati tifole mzere aliyense aponde kamodzi, tipeza ma joule 180,000. Mababu awiri a ma watt 5 kwa maola 5, basi.

Chisomo wa ku Joni, 20:50
Koma inu ophunziranu nthawi zonse mumayamba ndi kunena kuti sizingatheke. William Kamkwamba wa kwathu konkuno ku Wimbe anthu ankamuti wamisala pamene ankatola zitsulo kudzala. Lero dziko lonse likumudziwa. Akanamvera masamu a anthu bwenzi makina ake amphepo aja kulibe. Ine zimandiwawa, kuno ndimaona anzathu akuyesa zinthu, ife kumangoti dikirani.

Admini Gondwe, 20:53
Tiyeni tikambirane mofatsa abale. Chisomo wabweretsa nkhaniyi ndi mtima wabwino, ndipo gawo lalikulu la ndalama zili m'thumbazi anatumiza ndi iyeyo ndi anzake a ku Joniko.

Aphunzitsi Mwale, 21:15
Achimwene a Chisomo, sindikukunyozani ayi, ndipo mwachita bwino kutchula Kamkwamba, chifukwa ine ndimamuphunzitsa m'kalasi chaka chilichonse. Mnyamata uja atasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, sanangodzuka n'kuyamba kukhoma. Anakhala mu laibulale n'kumayang'anitsitsa zithunzi za m'mabuku a sayansi mpaka anamvetsa momwe dayinamo imagwirira ntchito. Anatenga fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, felemu ya njinga ndi dayinamo, n'kuzikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugamu. Zinayaka chifukwa mphepo ili ndi mphamvu yokwanira, ndipo imawomba maola ambiri osatopa. Masamu anali kumbali yake. Amene ankamusekawo ndi amene sanawerengere.

Ine ndikufuna ndalama zanu, zimene mwavutikira kuchilendo, zikagwere pamene masamu ali kumbali yathu.

Yamikani wa kabaza, 21:22
Aphunzitsi, poti mwatchula dayinamo. Njinga yanga yakale inali nayo, ya kabotolo ija yokhudza tayala. Pamwamba pake panalembedwa 6V 3W. Imeneyo tikaifanizira ndi tailosiyi zikukhala bwanji?

Aphunzitsi Mwale, 21:27
Funso labwino kwabasi Yamikani. Ma watt 3 ndi ma joule 3 pa sekondi iliyonse. Ndiye kuti kadayinamo kako sekondi iliyonse kamatulutsa zofanana ndi phazi limodzi pa tailosi yabwino kwambiri, ndipo sikapuma malinga ukupalasa. Ukachoka pa depoti kukatula munthu ku Chankhanga n'kubwerako, tinene mphindi 20, ndi ma joule 3,600, ngati mapazi 1,200. Ndipotu kadayinamo kamangotapako pang'ono pa mphamvu ya miyendo yako. Munthu wamphamvu akamapalasa njinga yolumikizidwa ku jenereta atha kutulutsa ma watt 50 kapena kuposa kwa nthawi ndithu. Ngati nkhani ili yokolola mphamvu ya munthu, kupalasa kumaposa kuponda kutalitali.

Yamikani wa kabaza, 21:30
Ndiye chifukwa chake ikakhudza tayala njinga imalemerako. Ndinkaimva ndithu m'mawondo pokwera mtunda.

Mavuto wokonza mafoni, 21:58
Pepani ndachedwa kulowa, ndinali ndi kasitomala. Ine zimenezi ndinaziyesapo ndi manja angawa, ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona.

Chaka chatha mwana wa achemwali anga anabwera ndi nkhani yomweyi, akufuna kukaonetsa ku mpikisano wa sayansi kusukulu. Tinasonkhanitsa timbale ta piezo 12, tozungulira ngati ndalama yachitsulo, kunsi mkuwa pamwamba poyera. Timapezeka m'tizipangizo tolira tija, monga alamu, mawotchi ndi zidole za ana. Ndinatimata pa pulayiwudi, pakati pa kambale kalikonse ndinaikapo kachidutswa ka labala wa patapata kuti phazi lizikankha pakatikati, pamwamba n'kuvundikira thabwa lina. Popeza magetsi ake amapita uku ndi uku, ndinaika madayodi anayi kuti aziyenda njira imodzi, kenako kapasita yosungira magetsiwo.

Titaponda koyamba mita inalumpha kupitirira ma volt 10, mwana uja anakuwa ndi chimwemwe, ine ndemwe mtima unagunda. Ka LED kofiira kanaphethira. Koma titalumikiza foni, zii. Sinaonetse n'komwe kuti ikutchaja. Tinasinthana kupondaponda mpaka thukuta, ana a pa layini onse anabwera kudzathandiza, foni osayankha. Ndinadzazindikira kuti voteji ilipo yambiri koma karenti ndi kochepetsetsa. Zili ngati mpopi wothamanga kwambiri koma kabowo kake kangati ka singano, ndowa sidzadza.

China n'chakuti pofika tsiku lachitatu timbale 5 tinali titang'aluka. Choyera chija chimasweka ngati chigoba cha dzira.

Aphunzitsi Mwale, 22:06
Zikomo kwambiri a Mavuto, umboni wake ndi umenewu. Timbale timeneto pa kuponda kumodzi timapereka kagawo kakang'ono zedi ka joule imodzi, kutali ndi 3 ndinawerengera uja. Za voteji yambiri karenti yochepa, laita ija ndi chitsanzo: kamoto kake ndi ma volt masauzande, koma kakakugwira pachala umangodzidzimuka basi. Ndipemphenso kuti timbale tosweka ana asamaseweretse kapena kuika mkamwa, PZT ili ndi mtovu.

Chisomo wa ku Joni, 22:11
Nanga amene ndinaona pa intaneti akuyatsa bwalo la mpira aja? Kunali ndi Pelé yemwe.

Thoko wa ku koleji, 22:30
Amenewo ndi a Pavegen, kampani ya ku Britain imene anayambitsa Laurence Kemball-Cook mu 2009. Anayala matailosi awo pafupi ndi siteshoni ya West Ham pa masewero a Olympics a ku London mu 2012. Bwalo mukunenalo lili ku Morro da Mineira mu mzinda wa Rio de Janeiro, analitsegula mu 2014 Pelé ali pomwepo, ndipo pansi pa kapinga anaikapo matailosi 200. Lina anamanga ku Lagos mu 2015. Koma pali ziwiri zoti mudziwe achimwene. Choyamba, matailosi awo a masiku ano sadalira piezo. Phazi likaponda limazunguza kajenereta kakang'ono ka maginito ndi koilo, m'bale wake wa dayinamo ya Yamikani. Eni ake amati phazi limodzi limapereka ma joule owerengeka chabe, pafupi ndi aja awerengera aphunzitsi. Chachiwiri, pa mabwalo onse awiriwo anaikaponso mapanelo a sola. Anadziwa okha kuti mapazi paokha sangakwanitse.

Ngakhale malo ovinira a Club Watt ku Rotterdam, amene anatchuka mu 2008 kuti anthu akamavina akupanga magetsi, kwenikweni ankayatsa timagetsi ta pansi pomwe akuvinirapo.

Agogo Kamanga, 22:34
Ndiye kuti ngakhale azungu eni akewo anakabwereka dzuwa. Ndamva. Ndikagone, mawa tipitirize.

Lachitatu

Mayi Nabanda, 05:48
Mwadzuka bwanji nonse. Ine usiku ndaganizira nkhaniyi. Ngakhale zikanakhala kuti zimatulutsa magetsi ambiri, amene akudziwa msika wathu andiuze, tailosi yosuntha ingakhale masiku angati? Mwezi wa Okutobala fumbi limalowa mpaka m'thumba la ndalama. Dzinja madzi amayenda pakati pa mabenchi, matope mpaka m'akakolo. Pa geti pamadutsa mawilibala a makala, njinga zonyamula matumba a chimanga, nthawi zina ngolo. Ndiye chikathyoka tikamupeza kuti wokonza?

Mavuto wokonza mafoni, 06:15
Amayi mwalasa. Chilichonse chokhala ndi kampata kosunthira, fumbi la kuno limachipeza. Mafoni amene ndimatsegula tsiku ndi tsiku, theka lake vuto ndi fumbi pa potchajira. Komanso zoterezi n'zoitanitsa kunja, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, kasipulingi kamodzi kakathyoka tidzadikira miyezi.

Aphunzitsi Mwale, 06:52
Ndisanalowe m'kalasi ndiike masamu a mbali inayo. Panelo ya sola ya ma watt 50, kuno kwathu kumene dzuwa lamphamvu limakhala pafupifupi maola 5 pa tsiku, tikachotsa zotayika imatipatsa ma watt-hour ngati 200. Amenewo ndi ma joule 720,000, ofanana ndi mapazi 240,000, tsiku lililonse, popanda woponda. Mababu 14 a ma watt 3 kwa maola 4 akufuna ma watt-hour 168. Ndiye kuti panelo imodzi yonyamulika m'manja ikukwanira mzere wonse wa Mayi Nabanda, n'kutsalako pang'ono. Ine ndingalangize ya ma watt 100 kuti masiku a mitambo mu Januwale ndi Febuluwale tisamagone mumdima, ndiponso batire isamatheretu, chifukwa batire yokhetsedwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku sichedwa kufa.

Thoko wa ku koleji, 07:20
Ndipo sitikuyamba ndife. Anzathu a ku Sitolo ku Mchinji ali ndi sola ya mudzi wonse ya ma kilowatt 80. Ku Nanjoka ku Salima kuli ya ma megawatt 60 imene inayamba mu 2021, ku Golomoti ya ma megawatt 20 yokhala ndi mabatire ake. Mukumbukira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130 nthawi imodzi, mdima uja tonse tinauona. Kudalira mtsinje umodzi n'kumene kunatipweteka, ndiye maganizo a achimwene a Chisomo ofuna njira zina ndi oyenera. Kungoti njira imene tili nayo yochuluka kuno ndi dzuwa.

Agogo Kamanga, 07:41
Sola ndikuvomera, koma samalani pogula. Ine ndinagula panelo pa sitolo ina, kumbuyo kwake analemba ma watt 150, kukula kwake ngati thireyi ya tiyi. Mdzukulu wanga atayeza anapeza kuti sikufika ngakhale theka. Batire inafa isanathe miyezi 6, ndalama ya fodya wa chaka chonse ndinagulitsa ku Chinkhoma inalowa m'madzi. Mpaka lero ndikaiona padengapo mtima umandipweteka. Pokagula a Mavuto apite ndi mita yawo, ayeze pomwepo padzuwa tisanapereke ndalama.

Mavuto wokonza mafoni, 07:50
Ndipita agogo. Ndipo tigule ndi kontirola yomwe. Anthu ambiri amalumikiza panelo ku batire mwachindunji, ndiye batire imaphikika masana, usiku n'kukhetsedwa yonse.

Yamikani wa kabaza, 08:03
Nanga akuba? Panelo ikagona pamsika usiku umodzi mawa mupeza mawaya okha.

Mayi Nabanda, 08:19
Imeneyo tisiyireni ife. Pali okala ya njerwa kumapeto kwa mzere wathu, mwini wake ndi mnzathu wa mu banki m'khonde. Panelo ikhomedwe padenga pake ndi felemu yowotcherera, batire izigona mkati. Alonda a pamsika timawalipira kale. Aliyense wolandira babu azisonkha kangachepe pa sabata, tizisunga kuti batire ikadzatha tidzagule ina osabweranso kudzapempha pa gulu pano.

Chisomo wa ku Joni, 12:37
Ndawerenga zonse pa nthawi ya nkhomaliro. Dzulo ndinapsa mtima pang'ono, aphunzitsi mundikhululukire. Kuno tikagwira ntchito usiku ndimaganiza za mayi anga akuphika ndi tochi, ndiye ndikaona chinthu chatsopano ndimafuna chifike kwathu msanga. Za sola ndavomera. Koma tailosi ija isangofera pano. Ana aone ndi maso kuti phazi lingayatse getsi, mwina mwa iwo mudzatuluka wina wodzapeza njira yabwino kuposa imeneyi.

Aphunzitsi Mwale, 13:25
Palibe cholakwa achimwene, ndipo apa ndiye tagwirizana kwathunthu. Ine vuto langa lalikulu m'kalasi ndi loti ana amaloweza kuti mphamvu siipangidwa kapena kuwonongedwa, imangosintha maonekedwe, koma sanaionepo ikusintha. Mwana akaponda thabwa getsi n'kuphethira, kenako n'kumufunsa kuti tawerengera uponde kangati kuti foni idzadze, ameneyo joule sadzaiiwala mpaka mayeso a MSCE. Mtsikana wina wa Fomu 3 wakhala akundifunsa za zimenezi kuyambira teremu yatha, amabwera ndi zojambula zake m'kope, ndipo ndinalibe chomuonetsa.

Komanso piezo ili ndi ntchito imene imaigwira bwino koposa, ndiyo kumva. Singayatse babu, koma ingauze babu kuti kwabwera munthu. Kambale kamodzi pansi pa chopondera pakhomo, munthu akaponda kamatumiza chizindikiro, getsi la sola n'kuyaka mphindi ziwiri kenako n'kuzima lokha. Batire imasungika.

Tadala nesi, 13:40
Chimenecho chingathandize panjira yopita ku zimbudzi kumalo kodikirira amayi oyembekezera. Usiku amayi amaopa kutuluka chifukwa cha mdima, ena amapita awiriawiri ndi foni imodzi. Getsi loyaka usiku wonse batire yake siifika m'bandakucha. Loyaka pokhapokha munthu akaponda lingafike.

Mavuto wokonza mafoni, 14:02
Zimenezo ndingapange. Pakufunika kambale kamodzi, thiranzisita, ndi kachipangizo kowerengera nthawi kotchedwa 555, ndili nato tingapo m'bokosi. Kambaleko sindidzakaikanso pansi pa phazi penipeni ngati poyamba paja. Ndidzakamata m'mbali mwa thabwa kuti kazingomva kupindika, sikadzasweka msanga. Ndidzakakutira ndi chubu cha njinga chifukwa cha madzi. Masensa ogula amene amaona munthu akamadutsa aliponso, koma ichi ana adzapanga okha ndipo chikawonongeka adzadziwa pokonza.

Yamikani wa kabaza, 14:09
Machubu akutha ndili nawo ambiri, ndibweretsa. Dayinamo ija ndikayang'ana kwa malume ku Santhe, ngati ilipo ana adzafanizire ziwirizi pamaso pawo.

Admini Gondwe, 17:30
Abale, ndamva mbali zonse. Ndikuika mavoti mawa m'mawa, atseka Lachisanu 6 koloko madzulo. Funso loyamba, kugula panelo ya ma watt 100, kontirola, batire, mawaya ndi mababu 14 a mzere wa tomato. Lachiwiri, kupatula kandalama kochepa ka zipangizo za ana a aphunzitsi a Mwale. A Mavuto mutipatse mitengo ya masitolo atatu, kuno ndi ku Lilongwe, tisanavote. Mayi Nabanda mutitumizire mayina a anzanu 14 aja ku inibokosi kwanga, osati pa gulu, komanso mukalankhule ndi a komiti ya msika kuti asadzadabwe tikukhoma.

Mayi Nabanda, 17:44
Ndikawaona mawa m'mamawa ndisanayale. A mzere wa usipa amva kale, akufunsa ngati waya ungafike kwawo.

Aphunzitsi Mwale, 17:51
Awerengeni kaye alipo angati amayi, tione ngati panelo imodzi ingakwane kapena pafunika ziwiri. A Mavuto, Loweruka ndibwera ku shopu kwanu cha m'ma 9 koloko ndi ana anayi. Thabwa lija likadalipo?

Mavuto wokonza mafoni, 17:56
Lilipo kuseri kwa kauntala, timbale 7 tikadali tamoyo. Auzeni abwere ndi makope ndi kakyuleta.